Ndiwonkhetse bwanji m'mutu mzere wautali wa manambala osasokonezeka?

Funso: Ndine mlembi wa gulu la banki m'khonde, tilipo anthu 25. Tsiku la msonkhano aliyense amagula masheya, wina imodzi, wina atatu, wina asanu, ndipo ine ndimayenera kuwonkhetsa onsewo kuti tione ngati zikugwirizana ndi ndalama zomwe zasonkhedwa. Manambala ake ndi ang'onoang'ono, koma ndikafika pakati pa mzere mutu umaima, ndikayambiranso ndimapeza yankho lina. Ndikayesa pa calculator ya pafoni nazonso zimasiyana. Anzanga ayamba kundiyang'ana ndi diso lina. Kodi pali njira yowonkhetsera m'mutu mzere wautali chonchi?

Yankho: Mayi, njira zilipo, ndipo masamu mumawadziwa. Munthu amene sadziwa kuti 3 kuphatikiza 5 ndi 8 sakanasankhidwa kugwira buku la gulu. Chimene chikukugwetsani ndi katundu amene mukusenzetsa mutu pa nthawi imodzi. Mukakhala pakati pa mzere, mutu wanu ukusunga chiwerengero chomwe mwafikapo, ukusunga malo amene chala chili, ukuwerenga nambala yotsatira, ukuphatikiza, kwinaku khutu likumva mayi wina akufunsa za ngongole yake ndipo mwana akulira kumbuyo. Akatswiri a kaganizidwe ka munthu anaziyesa zimenezi kalekale. George Miller, mu 1956, ananena kuti munthu amatha kugwira m'mutu zinthu pafupifupi 7 pa nthawi imodzi, ndipo Nelson Cowan, mu 2001, anaonetsa kuti kawirikawiri zimakhala zinayi zokha. Choncho njira zonse zimene ndikupatseni pano cholinga chake n'chimodzi: mutu uzigwira nambala imodzi yaing'ono, zotsalazo zizisungidwa ndi pepala, pensulo ndi zala.

Tiyambe ndi pakamwa. Ambiri akamawonkhetsa amanena chiganizo chonse chamumtima: "atatu kuphatikiza asanu ndi asanu ndi atatu, asanu ndi atatu kuphatikiza awiri ndi khumi." Mawu achuluka, ndipo pamene mukumaliza chiganizocho mwaiwala kale pomwe munali. Muzitchula yankho lokha. Mzere ukakhala 3, 5, 2, 5, 1, diso liziona nambala, pakamwa pazituluka 3, 8, 10, 15, 16, basi. Mawu akuti "kuphatikiza" asamveke n'komwe. Ndipo gwiritsani ntchito mayina aafupi amene timatchula tsiku ndi tsiku pamsika, sikisi, seveni, eyiti, chifukwa dzina lalifupi limatenga malo ochepa m'mutu kuposa lalitali. Ikaninso rula kapena kapepala pansi pa mzere womwe mukuwerenga, muzikatsitsa pang'onopang'ono. Zikatero ntchito yokumbukira pomwe mwafika yachoka m'mutu, yapita pa rula.

Tsopano njira imene ndimaikonda kwambiri, imenenso ndikufuna muiphunzire poyamba: njira ya timadontho. Lamulo lake n'lakuti m'mutu simudutsa 10. Mukangofika pa 10 kapena kupitirira, mumaika kadontho ka pensulo pambali pa nambala imene yakufikitsani pamenepo, khumilo mwalisiya pa pepala, ndipo mumapitiriza ndi chotsalacho. N'chimodzimodzi ndi anthu owerenga njerwa pa uvuni, amene amaika kamwala pambali njerwa zikakwana mulu umodzi kenaka n'kuyambanso kuwerenga kuchokera pa imodzi.

Tiyese ndi manambala akuluko pang'ono kuti muone bwino: 7, 8, 6, 9, 4, 8, 5, 7, 9, 4. Mwayamba ndi 7. Kuika 8 ndi 15, kadontho, mwatsala ndi 5. Kuika 6 ndi 11, kadontho, mwatsala ndi 1. Kuika 9 ndi 10, kadontho, mwatsala ndi ziro. Kenaka 4. Kuika 8 ndi 12, kadontho, 2. Kuika 5 ndi 7. Kuika 7 ndi 14, kadontho, 4. Kuika 9 ndi 13, kadontho, 3. Kuika 4 ndi 7, mzere watha. Werengani timadontho: tilipo 6, ndiye kuti 60. M'mutu mwatsala 7. Yankho ndi 67. Taonani kuti pa ulendo wonsewu samu yaikulu kwambiri imene mwachita ndi 7 kuphatikiza 8. Simunakumane ndi 47 kuphatikiza 7, kapena 54 kuphatikiza 9, pomwe ambiri amapunthwa podutsa kuchoka pa khumi lina kulowa lina. Ubwino wina ndi uwu: wina akakudulani pakamwa muli pakati, mumangolemba nambala yaing'ono imene mwagwirayo pambali pa mzerewo, mumuyankha, n'kudzapitiriza pomwepo. Palibe kuyambiranso pamwamba.

Njira imeneyi ili ndi abale ake m'maiko ena. Jakow Trachtenberg, amene anakonza njira zake zamasamu a m'mutu ali m'ndende za chipani cha Nazi pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ankaphunzitsa kutaya 11 m'malo mwa 10. Ili ndi ubwino wake kwa amene amawonkhetsa manambala aatali, koma kwa inu ingakhale kuwonjezera ntchito. Khumi ndi lokwanira.

Anthu ambiri akafunsidwa funso lanuli amayamba ndi kunena kuti muzifunafuna manambala omwe akaphatikizidwa amapanga 10, monga 7 ndi 3, 6 ndi 4, 8 ndi 2. Ndi njira yabwino, ndipo awiriawiri amenewa muyenera kuwadziwa ngati dzina lanu. Koma ndikuchenjezeni. Pa mzere wa manambala 25, kudumphadumpha kufunafuna mnzake wa 7 amene ali mizere khumi pansi ndiye gwero la kuwerenga nambala imodzi kawiri ndi kusiya ina osaiwerenga. Ngati mukufuna kutero, muzichonga ndi pensulo nambala iliyonse imene mwaitenga. Apo ayi, gwiritsani ntchito awiriawiriwa pokhapokha manambalawo ali moyandikana, diso likangowaona pamodzi. Mukaona 3 ndi 2 atsatizana, muziona 5. Mukaona 5 ndi 5, ikani kadontho osasintha nambala imene mwagwira m'mutu.

Komabe mzere wanu wa masheya uli ndi chinsinsi china chimene chimapangitsa ntchito kuphweka kwambiri. Manambala ake ndi a mitundu isanu yokha: 1, 2, 3, 4 ndi 5. Pamene manambala ofanana akubwerezabwereza, kuchulukitsa kumafulumira kuposa kuphatikiza. Tinene kuti buku lanu lero lili chonchi: 3, 5, 2, 5, 1, 4, 5, 3, 2, 5, 5, 1, 3, 4, 2, 5, 3, 5, 2, 1, 4, 5, 3, 2, 5. Werengani kuti ogula masheya asanu alipo angati. Alipo 9, ndiye masheya 45. Ogula anayi alipo atatu, 12. Ogula atatu alipo asanu, 15. Ogula awiri alipo asanu, 10. Ogula imodzi alipo atatu, 3. Mzere wa manambala 25 wasanduka wa manambala asanu: 45, 12, 15, 10, 3, ndipo pamodzi ndi 85. Musanakhulupirire yankholi, wonkhetsani anthu aja: 9, 3, 5, 5, 3. Akwana 25. Akanakhala 24 mukanadziwa nthawi yomweyo kuti wina mwamudumpha. Chimene ndimaikondera njirayi n'chakuti imabwera ndi mlonda wake.

Pofuna kuti musamadutse mzerewo kasanu, lembani 1, 2, 3, 4, 5 pa kapepala kena, ndipo membala aliyense akamagula muziika kamzere pansi pa nambala yake. Timizere tikakwana tinayi, kachisanu kazidutsa mopingasa. Msonkhano ukamafika pomaliza kugula, theka la samu latha kale.

Ndipo njirayi mutha kuitulutsa m'buku n'kuipereka kwa gulu lonse. Wapampando anene kuti ogula masheya asanu aimike manja, onse awerenge mokweza, kenaka ogula anayi, mpaka kumapeto. Aliyense waona ndi maso ake kuti manja anali 9. Pa nkhani ya kukuyang'anani ndi diso lina ija, ndikuona kuti apa ndi pamene pali mankhwala enieni, chifukwa chiwerengero chimene anthu 25 achipeza pamodzi palibe angachikankhire kwa mlembi yekha.

Palinso njira yoyambira kumapeto. Aliyense akanagula masheya asanu, onse pamodzi akanakhala 125. Ndiye m'malo mowerenga zomwe agula, werengani zomwe zapelewera. Wogula asanu mumangomudutsa, wogula anayi wapelewera 1, wogula atatu wapelewera 2, wogula awiri 3, wogula imodzi 4. Pa mzere uja pakamwa pazimveka 2, 5, 9, 10, 12, 15, 19, 21, 22, 25, 27, 30, 34, 35, 37, 40. Chotsani 40 pa 125, mupeza 85 yemwe uja. Nthawi yokolola, pamene ambiri akugula asanu asanu, njira imeneyi imathamanga kwambiri chifukwa theka la mzere mumangolidutsa. M'miyezi ya njala, pamene ambiri akugula imodzi kapena awiri, itembenuzeni: yambani ndi 25 ngati kuti aliyense wagula imodzi, n'kumawerenga zopitirira. Alimi amachita zomwezi poyeza matumba a chimanga. Sikelo ikaonetsa 48, 52, 50, 47, 51, 49, 53, 46, palibe chifukwa cholimbana ndi manambala amenewo. Matumba 8 a makilogalamu 50 ndi 400. Thumba la 48 ndi la 52 afafanizana, la 47 ndi la 53 afafanizana, la 51 ndi la 49 chimodzimodzi, latsala la 46 lokha lopelewera 4. Makilogalamu onse ndi 396.

Pa ndalama, musawonkhetse makwacha a munthu mmodzimmodzi. Pezani kaye masheya onse, kenaka chulukitsani kamodzi kokha ndi mtengo wa sheya. Ngati sheya ndi K1,000, masheya 85 ndi K85,000. Ngati ndi K500, tengani theka lake, K42,500.

Mzere wa obweza ngongole ndi chiwongoladzanja ndiwo umavutirapo, chifukwa manambala ake safanana. Choyamba tayani maziro. K2,300, K4,700, K1,500, K3,800, K6,200, K900 ndi K5,400 zikhale 23, 47, 15, 38, 62, 9 ndi 54. Maziro awiriwo mudzawabwezera pamapeto. Mukatero muli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kuwonkhetsa danga lililonse palokha ndi timadontho tija: manambala a kumanja, 3, 7, 5, 8, 2, 9, 4, akupanga 38, a kumanzere, 2, 4, 1, 3, 6, 5, akupanga 21, amene ndi makumi, ndiye kuti 210. Pamodzi ndi 248, kapena kuti K24,800. Yachiwiri, ya m'mutu mwenimweni, ndi kuyambira kumanzere: pa 23 ikani 40 kaye, 63, kenaka 7, 70; ikani 10, 80, kenaka 5, 85; ikani 30, 115, kenaka 8, 123; ndi kupitiriza choncho. Kusukulu tinaphunzitsidwa kuyambira kumanja n'kumasunga, ndipo pa pepala zimenezo zimayenda bwino. M'mutu zimavuta chifukwa yankho limatuluka chobwerera. Nambala ikatha ndi 8 kapena 9, ikwezeni kenaka muchotse: pa 85, ikani 40 m'malo mwa 38, mupeza 125, chotsani 2, ndi 123.

Chinthu chimodzi chaching'ono koma chimene chimawononga mabuku ambiri ndi kalembedwe. K900 ikalembedwa mopendekera pansi pa K6,200, nambala 9 imalowa m'danga la masauzande ndipo mwawonjezera K8,100 imene kulibe. Manambala aziima molunjika, wa kumanja pansi pa wa kumanja. Muzisiyanitsanso bwino 1 ndi 7, komanso 4 ndi 9. Mzere ukakhala wautali, udulenidule m'magulu a anthu asanu asanu, n'kulemba ndi pensulo chiwerengero cha gulu lililonse pambali. Pa mzere wa masheya uja magulu ake ndi 16, 19, 15, 16, 19. Pakapezeka cholakwika mumafufuza gulu limodzi, osati tsamba lonse.

Tifike pa kutsimikiza, pomwe ndikuona kuti ndi pamene mwakhala mukuvutikira. Mwati mukayambiranso mumapeza yankho lina. Koma dziwani kuti ngakhale mutapeza yankho lomwelo kawiri, si umboni wokwanira ngati mwadutsa njira imodzimodzi. Ngati mutu wanu uli ndi chizolowezi chonena kuti 8 ndi 5 ndi 12 ukatopa, udzanenanso chimodzimodzi ulendo wachiwiri pa malo omwewo. N'chifukwa chake osunga mabuku a ndalama kuyambira kale amawonkhetsa kutsika, kenaka kukwera. Mukayambira pansi, manambala amakumana mosiyana, ndipo cholakwika chija sichibwereranso mwa mtundu womwewo. Choposa pamenepo ndi kugwiritsa ntchito njira ziwiri zosiyana: timadontho koyamba, kuwerenga ogula asanu ndi ogula anayi kachiwiri. Zonse zikakupatsani 85, khalani ndi mtendere.

Pa msonkhano chitani motere. Lembani yankho lanu pa pepala n'kulivundikira. Owerenga ndalama awerenge zawo, alengeze. Ndiye muvundukule pepala lanu. Mukatchula nambala yanu iwo asanamalize, maso awo amayamba kufuna nambala yomweyo, ndipo kuwerenga kwawo sikukhalanso mboni yoima payokha.

Pali mayeso ena akale otchedwa kutaya 9, amene Fibonacci, katswiri wa masamu wa ku Pisa m'dziko la Italy, anawafotokoza kale mu 1202. Pa nambala iliyonse, phatikizani manambala amene aipanga mpaka patsale imodzi, ndipo 9 muziitenga ngati ziro. Pa mzere wa ngongole uja, 23 ikupereka 5, 47 ikupereka 11 amene ndi 2, 15 ikupereka 6, 38 ikupereka 2, 62 ikupereka 8, 9 ndi ziro, 54 ndi ziro. Phatikizani 5, 2, 6, 2, 8, mupeza 23, amene ndi 5. Yankho lathu, 248, likupereka 14, amenenso ndi 5. Zagwirizana. Zikadasiyana, ndiye kuti cholakwika chilipo ndithu. Koma zikagwirizana musavine msanga, chifukwa mayeso amenewa saona manambala osinthana malo. Mukalemba 26 m'malo mwa 62, onse awiri akupereka 8, ndipo mayesowo angokhala chete.

Kufooka kumeneku kumasanduka chida pamene buku ndi ndalama zasiyana. Musathamangire kuwonkhetsanso tsamba lonse. Yambani mwafunsa kuti zasiyana ndi zingati. Kusiyanako kukagawika ndi 9 popanda chotsala, kaikirani manambala osinthana malo. K6,200 ikalembedwa K2,600, kusiyana kwake ndi K3,600. 36 kugawa ndi 9 ndi 4, ndiye funani nambala imene manambala ake awiri oyandikana akusiyana ndi 4, monga 6 ndi 2. Kusiyanako kukafanana ndendende ndi ndalama ya munthu wina pa mzerewo, ndiye kuti mwamudumpha kapena mwamuwerenga kawiri. Kukakhala kuwirikiza kawiri ndalama ya wina, mwina inachotseredwa pomwe imayenera kuphatikizidwa. Kukakhala 10, 100 kapena 1,000 ndendende, mwaiwala kadontho kapena mwalakwitsa posunga. Ndipo pa masheya muli ndi mpanda wodziwikiratu: anthu 25 akagula onse, yankho silingatsike pansi pa 25 kapena kudutsa 125.

Calculator ya pafoni sindidana nayo. Simalakwitsa samu, koma chala chimalakwitsa. Pa galasi la foni n'kosavuta kudina 5 kawiri n'kukhala 55, kapena kudina chizindikiro chophatikiza osagwira, 3 ndi 2 n'kusanduka 32. Ndiye pa mzere wa manambala 25 mukudina kasachepera 50, maso akuyenda pakati pa buku ndi foni. Ipatseni ntchito yochepa: inu wonkhetsani magulu a anthu asanu asanu m'mutu, iyo iphatikize manambala asanu otulukawo, kapena ichulukitse masheya ndi mtengo wake. Ikhale mboni yachiwiri kapena yachitatu.

Mwina munamvapo za ana a ku Japan amene amawonkhetsa manambala akungothwanima pa sikirini. Amaphunzira pa soroban, kachipangizo ka mikanda komwe ndodo iliyonse ili ndi mkanda umodzi woimira 5 ndi mikanda inayi yoimira 1, ndipo pakapita zaka amayamba kukaona kachipangizoko m'maganizo. Akatswiri awo amawonkhetsa manambala 15 a manambala atatu atatu m'masekondi osakwana awiri. Zimenezo zimafuna zaka zambiri, ndipo gulu lanu silikusowa liwiro lotero. Komabe pali chimodzi chimene mungatengeko, chomwe kawerengedwe kathu kali nacho kale tikamati zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu. Mukakumana ndi 7 ndi 8, onani 5 ndi 2, 5 ndi 3: asanu awiriwo ndi kadontho, 2 ndi 3 ndi 5, yankho 15. Kwa amene 7 ndi 8 kapena 6 ndi 7 amawavuta, kuphwanya kotereku kumathandiza mwachangu.

Pozolowera, musayese njira zonsezi tsiku limodzi. Tengani ya timadontho ndi ya kuwerenga ogula mofanana, ziwiri zokhazo. Madzulo, tsegulani masamba akale a buku lanu, pomwe mayankho ake anatsimikizidwa kale, muziwonkhetsa tsamba limodzi kutsika ndi kukwera kwa mphindi zisanu kapena khumi. Yambani pang'onopang'ono, mukutchula mokweza, chifukwa liwiro limabwera lokha manambala a awiriawiri aja akakhazikika. Mukaona kuti pali awiri ena amene amakupunthwitsani nthawi zonse, alembeni mkati mwa chikuto cha buku pamodzi ndi yankho lake. Ndipo pa msonkhano wotsatira pemphani wapampando kuti ikafika nthawi yowonkhetsa, pakhale bata kwa mphindi ziwiri, mafunso a ngongole adikire mpaka pepala lanu litavundukulidwa.